Chala cha a Lemani

Ndalumbira pali malemu bambo anga, iyi simuikhulupirira. Koma ndinaona ndi maso angawa, ine amene ndimadziwa za khoti kuposa a Fomu Folo.

Ku Simlemba, madzulo ena, mayi Feggie ankasoka fodya wa ganyu m'chigafa pomwe anamva fungo la nyama yoola. Amuna awo anamwalira ali tenanti wa a Lemani, zaka ziwiri osalipidwa. Khoti linagamula kuti a Lemani alipire, iwo n'kungoseka. Ndiye kunabwera a sherifu, olanda katundu aja, n'kulemba ng'ombe zinayi pa pepala la katundu woti agulitsidwe. A sherifuwo atalisiya pampando kuti akataye madzi, a Lemani analisisita ndi mafuta akuda a m'nsupa.

Fungo lija linali la ng'ombezo. Zonse zinayi zili gada, zotupa, agalu n'kumazilambalala.

"Chilichonse cha pa pepala limenelo sichiona mwezi wina," a Lemani anatero pamowa. "Mkaziyo akadye ntchentche."

A sherifu anabweranso, n'kulemba mabelo khumi a fodya pa pepala lomwe lija. Kutacha, m'mabelomo munkamveka kulira ngati kwa khanda. Atatsegula, mphutsi zokhazokha. Analemba ngolo, chiswe n'kudya mpaka matayala. Anthu anafika pokana kutchula mayina awo a sherifu akamadutsa. Mayi Feggie sanalire. Ankangoyang'ana nyumba ya malata ya a Lemani, mano ali gwa.

Ulendo wachinayi a sherifu anabwera ndi inki.

"Katundu watha. Bambo, dindani chala apa kuti mulibe kanthu."

A Lemani thukuta kamukamu. "Pepala lina palibe, bwana?"

"Ndi lomweli."

A Lemani anathamangira m'nyumba, n'kukumba kunsi kwa bedi, n'kutuluka ndi chigubu chodzaza ndalama. Mayi Feggie anakhala pansi, n'kuwerenga pang'onopang'ono, akunyowetsa chala ndi malovu.

"Zakwana, mayi?" anafunsa a sherifu.

"Zakwana. Tsopano adinde kuti alipira."

"Amake Tithokoze, chonde," a Lemani anagwadira mayi Feggie. "Ndakupatsani zonse."

"Amuna anga akudwala munawapatsa chiyani? Bwana, lamulo likuti bwanji?"

"Likuti adinde."

A sherifu anagwira dzanja la a Lemani, chala pa inki, pa pepala. Dzuwa lisanalowe chala chinali bii, ntchentche zikuwatsata ngati mnofu wa pamsika. Loweruka tinaika maliro. Manda ndinakumba ndekha, adzukulu onse atathawa, ndipo khasu linathyoka kawiri.

Mukuti chiyani, a Sankhani? Munawaona Lachiwiri pa Mtunthama akugula feteleza? Chabwino, chabwino, manda sindinakumbe. Sanafe. Koma chenji analandira ndi dzanja liti? Lamanja amabisa m'thumba. Chala chija anadula okha ndi nkhwangwa, kuola kusanafike pamkono.