Msomali Umene Sataya Anawongola

Sataya anatuluka m'nyumba yosungiramo zinthu zakale nthawi itatha kale, minibasi zonse zitakagona, ngakhale agalu atatopa nako kuuwa. Dzina limeneli anamupatsa ndi akalipentala anzake, chifukwa mkuluyu chibadwire sanatayepo msomali. Wadzimbiri, wopindika, wopanda mutu, iye ankatola, n'kuuwongola pamwala, n'kuuponya m'chitini. Ankati akapita kumaliro, anzake ali kalikiliki kulira, iye maso ali pabokosi kudandaula misomali yabwinobwino imene ikupita pansi.

Tsiku limenelo anachedwa ndi mashelefu. Mayi woyang'anira nyumbayo ankafuna kuti pofika m'mawa chilichonse chikhale pamalo pake: mikanda imene akuti inkabweza mphezi, galasi limene akuti linkaonetsa nkhope ya wakuba, ndi chiboliboli china chimene anachiika pachokha pakona. Chinali chachifupi, cholekeza m'mawondo, kukamwa kuli yasa, thupi lonse misomali yokhayokha ngati chinatukwana kalipentala.

"Ichi chokha musachikhudze, amisiri," anatero mayiyo poweruka. "Amene anachisema ankati msomali uliwonse pamenepa ukugwira munthu wakufa kuti asamayendeyende."

"Mayi, ine misomali ndimaidziwa kuposa abale anga," anayankha Sataya. "Imagwira matabwa basi. Ikanakhala kuti imagwira anthu, apongozi anga ndikanawakhomera kwawo kalekale."

Koma kunyumba kunali nkhani. Kabedi ka mwana wake wamkazi, khanda la miyezi isanu ndi itatu, kanali katagwedera mwendo, ndipo mkazi wake anali atayimba nyimbo imeneyi milungu itatu: kalipentala wotchuka, mwana wake akugona pabedi lochirikiza ndi njerwa! Chinkafunika ndi msomali umodzi wautali, wachitsulo chenicheni, osati timisomali tamasiku ano topindika ndi mphepo. Ndiye taonani, pakhosi pa chiboliboli chija panali msomali wotero ndendende. Amene anaukhomayo anaupinda mutu n'kuugoneka pathabwa, ntchito yoti m'maso mwa Sataya inali yauve. Anaudzutsa ndi mano a hamala n'kukoka. Unatuluka mosavuta, ndi kaphokoso ngati munthu wausa moyo. Unali wofunda. Iye anati mwina ndi kutentha kwa babu. Anaugoneka pasimenti, kuumenya katatu, n'kuwongoka ngati wa m'sitolo. M'thumba!

Njira ya kwawo inkatsika kudutsa mashopu otseka, kenako malo ogulitsira matabwa, kenako mlatho wautali umene magetsi ake anafa kale. Sataya ankayenda akuimba mluzu, chikwama cha zida chili paphewa. Atangoponda pamlatho, mluzu uja unauma wokha.

Kumbuyo kunkabwera munthu.

Sankathamanga. Sankatsalanso. Sataya akaponda, iyenso n'kuponda. Sataya anaima. Mapaziwo sanaime, anabwera mpaka pambali pake.

Anali bambo wamtali, wovala ovolosi yakale, pensulo ili kukhutu, hamala ili m'manja. Mtima wa Sataya unakhala pansi pang'ono. Wakuba sayenda ndi pensulo.

"Ah, ndimayesa ndani, kani ndi mmisiri mnzanga! Nanunso akuchedwetsani mabwana?"

Munthuyo sanamuyang'ane. Khosi lake linali lopendekera kumodzi, ngati la munthu amene wagona nthawi yaitali mbali imodzi. Ankanunkha utuchi wonyowa.

"Anandichedwetsa," anatero. Mawu ake anali ouma. "Mwandiwongola bwino, amisiri. Katatu kokha."

Sataya anaseka, koma kuseka kwake kunatulukira m'mphuno.

"Mukuti bwanji, achimwene?"

"Msomaliwo ndi wa ntchito yanji?"

Apa ndiye muone tsoka la munthu wapakamwa. Wina akanangokhala chete. Koma Sataya akafunsidwa za ntchito, lilime limathamanga lokha, mutu n'kubwera pambuyo.

"Kabedi ka mwana wanga. Mwendo wake…"

Anadzigwira pakamwa. Za msomali anali asanauze munthu.

Mlendoyo anatembenuka pang'onopang'ono, thupi lonse, popeza khosi silinkatembenuka. Pansi pa khutu lake panali kabowo. Kakuda. Kopanda magazi.

"Mabedi a ana ndimawatha," anatero. "Akagonapo sadzukadzukanso usiku. Pumulani, amisiri. Ntchitoyo ndikagwira ndine."

Ananyamuka. Analowera njira ya kwa Sataya. Sanafunse kuti nyumbayo ili pati.

"Achimwene! Imani!"

Sataya anathamanga. Munthuyo ankangoyenda mwachifatse, koma mtunda unkakula. Anafika kumapeto kwa mlatho. Anakhotera kumanzere, pomwe Sataya amakhotera. Mdima unamumeza.

Zii…

M'thumba, msomali uja unali utazizira ngati watuluka m'firiji.

Sataya anaima pakati pa mlatho. Kunyumba kunali kutali, ndipo anali ataona yekha kuti munthu uja sangamupeze ndi miyendo. Akamupezanso amutani, amumenye ndi tepi yoyezera matabwa? Anatembenuka. Chikwama cha zida anachisiya pomwepo, n'kutengamo hamala yokha. Liwiro limene anathamanga pobwerera kunyumba ya zinthu zakale ija, akanalionetsa ali mwana bwenzi atapita kutali ndi zamasewera.

"Madala! Tsegulani! Madala!"

Mlonda wa panyumbapo, nkhalamba yaimvi imene masana inkangosinza pampando, anamuunika ndi tochi kumaso, kenako m'manja. Ataona msomali sanafunse chilichonse. Makiyi anamugwa kawiri.

Ali m'khonde la mkati, foni ya Sataya inalira. Anali mkazi wake, mawu a tulo.

"Bambo a mwana, muli kuti kodi? Pakhomo pano pali mnzanu, akuti mwamutuma adzakonze kabedi. Usiku uno? Inu simungachite chinthu nthawi ya anthu?"

"Usatsegule!"

"Nanga mukundikalipiranji? Sindinatsegule. Akungogogoda. Tamverani."

Go. Go. Go.

Sikunali kugogoda kwa chala. Sataya ankadziwa kulira kwa hamala pachitseko chimene anapanga yekha.

"Tenga mwana. Umugwire m'manja. Usamuike pabedi, wamva?"

Anafika pakona paja. Chiboliboli chinali pomwepo, kukamwa kuli yasa. Mlonda anaunika pakhosi. Bowo linalipo. Sataya analowetsa msomali n'kumenya kamodzi. Unalowa wonse.

Kenako unayamba kutuluka. Wokha. Pang'onopang'ono.

Ngwe! Pasimenti.

Anautola. Anamenyanso. Unatulukanso.

Pafoni mkazi wake anali atasiya kukalipa. Ankanong'ona.

"Loko akutembenuka… bambo a mwana, makiyi ali kwa ine koma loko akutembenuka…"

"Munauwongola!" anakuwa mlonda. "Mayo ine, munthuyu anauwongola! Wowongoka sumugwira. Upindeni!"

Zaka makumi awiri Sataya akuseka anzake opinda misomali, akuwatcha osula makasu. Dzanja lake silinkadziwa n'komwe kumenya mokhota. Anamenya koyamba, hamala inagwera pamutu penipeni mwa chizolowezi. Mwana analira pafoni. Kulira kwake kunaduka pakati.

Sataya anatsinzina. Anamenya cham'mbali ngati wophunzira ntchito.

Msomali unagonja. Anaumenyanso, n'kuumenyanso, mpaka mutu wake unamira m'thabwa.

Unakhala.

Kwa kanthawi pafoni sipanamveke chilichonse. Kenako mwana anakoka mpweya n'kulira mokweza, kulira kwaukali kwa mwana wamoyo. Sataya sanamvepo nyimbo yokoma chonchi.

"Wapita," anatero mkazi wake. "Chitseko chatseguka pang'ono koma panja palibe munthu. Pansi pangokhala utuchi. Mnzanu wanji ameneyu? Bwerani, ine ndikuopa."

Sataya anakhala pansi, msana kukhoma. Hamala inamupulumuka.

"Madala," anatero mpweya utabwerera, "ndi ndani munthu uja? Wamtali, wa ovolosi, pensulo kukhutu."

Mlonda anazimitsa tochi, ngati nkhaniyo sinkafuna kuwala.

"Mashelefu akale amene mwachotsa lerowa anapanga ndi iyeyo. Mmisiri weniweni, wamanja abwino, wosataya msomali ngati inu nomwe. Anazula umodzi pachiboliboli chomwechi kuti akakonzere bedi la mwana wake. Mwanayo sanadzuke. Patatha mlungu, bamboyo tinamupeza pansi pa mlatho uja, khosi litathyoka. Ine ndinanyamula nawo bokosi lake. Papita zaka khumi ndi zinayi."

Nkhalambayo inapitiriza.

"Titamuika, anayamba kuyenda m'makomo mwa anthu usiku, kufunsa ngati pali bedi la mwana lofuna kukonza. Makomo atatu anamutsegulira. Ndiye ndinatenga msomali wa m'chikwama chake chomwe, n'kudzaukhoma apa. Ine si kalipentala, unapindika wokha. Koma unamugwira."

"Basi, tamugwiranso," anatero Sataya, akuyesa kuseka. "Ndaupinda bwino kuposa inu."

Nkhalambayo inapukusa mutu mumdimamo.

"Ine ndinakhoma pathabwa losaboola, mwana wanga. Inu mwabwezera m'bowo lakale, katatu konse. Mmisiri ndinu. Tandiuzani, msomali wobwerera m'bowo lake umagwira masiku angati?"

Sataya ankalidziwa yankho. Bowo lakale silisunga msomali nthawi yaitali.

Pakona paja, thabwa linalira pang'ono. Tswi…