Foni Yongolandira

Foni ya Eveles inayamba misala sabata imene mphepo ya mwera inaleka, maboti atayambanso kugona panyanja. Mayunitsi analimo, batire inali yodzaza, timizere ta netiweki tinali titaima tonse, koma akati aimbire munthu inkangolira kamodzi n'kudula yokha. Meseji nayo inkakana kupita. Kulandira kokha inkalandira bwinobwino.

Anamuonetsa mwamuna wake Pitala m'mawa wina atangofika kuchokera ku usipa, maso ali psuu ndi tulo. Iye anaitembenuza uku ndi uku n'kumubwezera.

"Mafoni a masiku ano ndi otero. Nanga ukufuna uziimbira ndani? Ine ndikakufuna ndimakupeza."

"Amayi. Papita nthawi ndisanamve mawu awo."

"Amayi ali bwino. Ndalankhula ndi achimwene ako dzana lomweli. Akuti usavutike ndi maulendo, mimba yakulayi."

Mayi a Eveles ankakhala ku Chitala ndi mwana wawo wamwamuna, Madalitso, ndipo analibe foni yawoyawo. Eveles ankamudziwa mwamuna wake: dzina la Chitala likangotchulidwa nkhope inkada, chifukwa kumeneko kunali munthu wina amene anamufunsirapo Eveles kalekale asanakwatiwe.

Kuimba kwachilendo kunayamba usiku wina Pitala ali panyanja. Eveles anali atagona chammbali, mtsamiro pakati pa maondo, akumvetsera madzi akunyambita mchenga kuseri kwa mabango. Foni inanjenjemera pampando, kuwala kwake kukuyalika pamalata. Nambala inali yachilendo.

"Halo?"

Palibe anayankha. Koma munthu analipo. Kunkamveka kupuma kolemera, kokoka, ngati kwa munthu amene akupumira m'nsalu yonyowa. Pansi pa kupumako pankamveka kukwekwesa pang'onopang'ono, ngati chikhadabo chikuyenda pamphasa.

"Ndani kodi? Lankhulani."

Kupumako kunafulumira, kenaka kunamveka kaphokoso kapakhosi, kosakhala mawu komanso kosakhala chifuwa. Foni inaduka. Eveles anayesa kuimbanso, koma yakeyo inangolira kamodzi n'kudula monga mwa masiku onse.

Usiku wotsatira zinachitikanso, ndi winawo zomwezo. Nthawi zina inkalira iye atangozimitsa nyali, nthawi zina tambala ali pafupi kulira. Mwana m'mimba ankayamba kupondaponda foniyo ikangonjenjemera, ndipo Eveles ankakhala tsonga mumdima, dzanja limodzi pamimba, lina litagwira chinthu chopumacho kukhutu.

Anauza mnzake Zuleka akuyanika usipa pathandala, ndipo pofika madzulo doko lonse linali litamva. Ena ankati ku Maganga kunali mayi wina amene anaimbira nambala yotereyi, magazi n'kuyamba kutuluka m'mphuno mpaka kukomoka. Ena ankati manambala amenewa amasaka amayi oyembekezera. Amayi amene ankadya naye limodzi zitumbuwa anayamba kusuntha mabeseni awo akamuona akubwera.

"Ndibwerekeni foni yanu ndingoimba kamodzi, ndimve kuti ndi ndani," Eveles anapempha.

Zuleka anaponya maso pansi. "Wallahi, ndikulumbira mnzanga, ndikanakonda. Koma ndili ndi ana."

"Ndiye ndingoimbira achimwene anga ku Chitala basi."

"Chimene chakutsatanicho chingalowe m'foni mwanga. Mundikhululukire."

Eveles anabwerera kunyumba mtima ukuwira. Anali asanalakwire munthu padokopo, koma lero ankamuyang'ana ngati wanyamula matenda. Pitala atamva nkhaniyi anangoti, "Anthu a kwanu amenewo, nsanje. Uzizimitsa foni usiku." Koma mkazi wa msodzi sazimitsa foni mwamuna ali pamadzi, ndipo Pitala ankadziwa zimenezo.

Mantha akakhalitsa amasanduka ukali. Usiku wina kunja kuli zii, ngakhale achule atakhala chete, foni inanjenjemeranso. Eveles sanadikire n'komwe kuti kupumako kuyambe bwino.

"Mfiti iwe," anatero motsitsa mawu, mano atalumana. "Ukufuna mwana wanga? Sumupeza. Ngati uli ndi pakamwa lankhula, ngati ulibe ufe nako kupuma kwakoko. Ufe, ndipo pamaliro pako pasapezeke wolira."

Kukwekwesa kuja kunasiya. Kupuma nako kunaima kanthawi. Kenaka kunabwera kaphokoso kena katsopano, kotalika, konjenjemera, ngati kagalu kakang'ono kotsekeredwa panja. Eveles anadula yekha. Anagona ali wokhutira kuti wachibwezera chinthucho, ngakhale tulo sitinabwere.

Mausiku angapo anadutsa foni ili chete, moti anayamba kukhulupirira kuti zatha. Ndiye inaliranso, nambala yomwe ija. Ulendo uno kunalibe kupuma, kunalibe kukwekwesa, kunalibe ngakhale kamphepo kamene kamamveka m'foni. Kunali bata loti munthu n'kumva mtima wake womwe. Ndipo m'batamo munatuluka mawu omveka bwino, odekha, osathamanga.

"Eveles, mwana wanga, bwanji sukundiimbira?"

Anali mawu a mayi ake.

"Amayi? Amayi, ndi inu?"

Foni inali itaduka kale. Anadinadina mpaka chala kuwawa, koma inkangolira kamodzi n'kudula. Anakhala pakhomo atafunda chitenje mpaka kum'mawa kunayera, ndipo sanadikire kuti maboti afike. Anakwera kabaza wanjinga yamoto kupita ku Khombedza, kwa Bilali, amene amakonza mafoni m'kakontena pafupi ndi siteji ya maminibasi.

Bilali anayesa kuimba, anamvetsera, kenaka analowa m'kati mwa foni n'kudina malo angapo. Sanaitsegule n'komwe kumbuyo.

"Mayi, foniyi ilibe vuto. Munthu anachita kuitseka kuti isamaimbe, izingolandira. Zimatheka, amaika nambala yachinsinsi. Ena amatero akamapatsa foni ana kapena antchito."

"Ingatsekeke yokha?"

"Ayi. Anachita kuigwira m'manja, ndipo ankadziwa chimene akuchita. Ndani winanso amaigwira?"

Eveles anakumbukira mmene Pitala anaitembenuzira uku ndi uku n'kumubwezera. Bilali anayesa nambala imene mafoni ambiri amabwera nayo, ndipo inavomera, popeza wotsekayo sanavutike n'kuisintha. Ali chiimire pomwepo, minibasi zikuitanira anthu kumbuyo kwake, Eveles anaimba nambala yachilendo ija. Inalowa.

"Halo, ndi Salome," anayankha mawu a mkazi, osasa ngati a munthu amene wakhala akulira. Salome anali mkazi watsopano wa Madalitso, ndipo Eveles anali atangomuona kamodzi. Kumbuyo kwake kunkamveka amayi ambiri akuimba motsitsa.

"Alamu, ndine Eveles. Kwachitika chiyani kumeneko?"

Salome anati, "Achimwene anu anyamuka m'mamawa kudzakutengani. Sanafike?"

"Ndiuzeni inuyo."

"Amayi atisiya dzulo."

Eveles anatsamira kontena. Salome anafotokoza modukizaduka kuti mayiwo anagwa kumunda mwezi watha, mbali imodzi n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Madalitso anaimbira Pitala tsiku lomwelo, ndipo Pitala anamuchonderera kuti asamuimbire Eveles, angadzidzimuke mimba n'kuchoka, amuuza yekha bwinobwino. Sabata iliyonse Pitala ankati Eveles akubwera, kungoti miyendo yamutupa.

"Ine ndinkagona nawo chipinda chimodzi," Salome anatero. "Nthawi zina ndikadzuka ndinkawapeza atagwira foni yanga kukhutu ndi dzanja labwinolo, misozi ikutsika. Nambala yanu inali m'mutu mwawo. Sindinaganize kuti ankaimbadi."

Eveles atafika kunyumba anapeza njinga yamoto ya Madalitso pansi pa mtengo wa mango. Amuna awiriwo anali atakhala pakhonde, mitu ili pansi, Pitala akadali ndi mamba a nsomba m'mikono. Ataona mkazi wake anaimirira.

"Eveles, khala pansi kaye, pali nkhani."

"Ndaimva. Ndaimba ndekha. Foni yanga ikuimba tsopano."

Pitala anayang'ana foniyo, kenaka anayang'ana kumbali.

"Munaitseka ndinu," Eveles anatero. Sanakuwe. Mawu ake ankatuluka ozizira, limodzilimodzi. "Munadziwa kuti amayi agwa. Munkabwera m'nyumba muno, kudya, kugona, ine ndikukuuzani kuti usiku kukumabwera chinthu chopuma, inu n'kumati ndi afiti a kwathu."

"Sindinadziwe kuti ndi iwo ankaimba. Ndinkateteza mwana."

"Foniyi munaitseka amayi asanagwe kapena atagwa?"

Madalitso anadzutsa mutu n'kumuyang'ana mlamu wakeyo ngati akumuona koyamba.

"Asanagwe," Eveles anadziyankha yekha. "Ndiye musanamizire mwana. Munkaopa kuti ndiziimbira munthu amene ndinamukana inu musanandidziwe n'komwe. Mayi anga akundifuna, pakamwa patawakanika, ine ndinawatcha mfiti. Ndinawauza kuti afe. Mawu omaliza amene anamva kwa mwana wawo ndi amenewo, ndipo munandiika m'kamwa ndinu."

"Tipite limodzi, tikakambirana maliro akatha," Pitala anatero.

"Pamaliro mubwere ngati nkhope muli nayo. Koma m'nyumba muno ine ndatuluka."

Analowa, anakulunga zovala zake ndi tinsalu ta mwana m'chitenje, n'kukwera kumbuyo kwa mchimwene wake. Zuleka anali ataima patali, dzanja pakamwa. Eveles sanamuyang'ane.

Ku Chitala anapeza mayi ake atagonekedwa pakati pa amayi a mpingo, nkhope itawongoka ngati sinapotokepo. Analira mpaka mawu kutha. Madzulo nyimbo zitatsika, anakhala pafupi ndi Salome n'kumunong'oneza.

"Chimodzi chokha chikunditonthoza, alamu. Usiku wathawu analankhula nane. Ananditchula dzina, ndipo m'mawu mwawo munalibe mkwiyo."

Salome anatembenuka pang'onopang'ono. "Usiku wathawu?"

"Eya. Pa foni yanu yomweyi."

"Alamu, amayi chigwereni sanatulutsepo liwu ngakhale limodzi. Ndipo anatsirizika dzulo dzuwa likadalipo. Foni yanga inathima masana, ndinakaisiya ku golosale kuti aitchaje pa sola. Mwini golosale atamva za maliro anakhoma n'kubwera kuno, wachezera nafe. Ndakaitenga m'mawa uno."

Anatulutsa foniyo n'kutsegula pamene pamaoneka manambala amene aimbidwa. Nambala ya Eveles inalipo, kambirimbiri, usiku ndi usiku, mpaka usiku uja Eveles anatukwana. Pambuyo pake panalibe kanthu. Eveles anatsegula yake. Kuimba kwa usiku wathawu kunalipo, nambala ya Salome, koyankhidwa.

Amayi awiriwo anayang'anizana, mafoni ali m'manja. Wotsogolera nyimbo anayambitsa ina, ndipo Salome anasendera pafupi n'kulankhula motsitsa kwambiri.

"Musauze munthu."

"Sindiuza," Eveles anatero. Anakwawa n'kukakhala kumutu kwa mayi ake, anaweramira kukhutu kwawo, n'kuyamba kuwafotokozera zonse kuchokera pachiyambi.