Mabulangete Atatu a Lereko

Lereko anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mapiri a ku Lesotho. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna amayi ake.

Amayi akewo analipo ndithu. Koma analibe mpata.

Bambo ake a Lereko anali mfumu. Tsiku lina anadwala, ndipo anamwalira. Lereko ndiye anali mwana wamwamuna woyamba. Ufumu unali wake. Koma mwana angaweruze milandu? Ayi. Choncho amayi ake anakhala pampando.

"Ndikukusungira mpaka ukule," anatero amayi.

Kusunga mpando si masewera. M'mawa amayi ankakwera hatchi. Ankapita kubwalo. Lero mlandu wa nkhosa. Mawa mlandu wa munda. Mkuja msonkhano kuseri kwa phiri.

Lereko ankakhala pamwala. Ankayang'ana kunjira. Phala lake la mapira linkazizira m'mbale. Ankawasowa amayi ake kwambiri.

"Amayi, lero mukhala nane?"

"Mawa, mwanangu."

Kukacha, ankafunsanso.

"Amayi, lero mukhala nane?"

"Mawa, mwanangu."

Mawa la amayi silinkafika.

Tsiku lina kunabwera a Mokhele, bambo ake aang'ono. A Mokhele anali ndi pakamwa. Sankadutsa munthu osamuseka.

"Iwe Lereko! Wavala bwanji bulangetelo? Mzere wa pabulangetepo wagona chopingasa! Ukufuna ukhale wamfupi ngati chitsa?"

Lereko anadziyang'ana. Inde, mzere unali utagona.

"Mzere uziimirira," anatero a Mokhele. "Uziloza kumwamba. Ukatero umakula. Ngakhale mbuzi za kuno zimadziwa zimenezi."

"Ndikakula, amayi adzasiya mpando?"

"Eya. Adzapuma."

"Adzakhala pakhomo?"

"Tsiku lonse, mpaka udzatope nawo."

Lereko anatembenuza bulangete. Analimanga ndi pini paphewa. Kenako anaima pakhoma. Analemba msinkhu wake ndi khala.

Kutacha anadziyeza. Sanakule.

Kutachanso anadziyeza. Sanakulebe.

"Mzere umodzi ndi waulesi," anatero Lereko. "Pakufunika itatu."

Anavala bulangete lake. Pamwamba anavala la a Mokhele. Kenako anatsegula bokosi. Munali bulangete la bambo ake. Linkamveka fungo la utsi ndi la hatchi. Lereko analikumbatira kaye. Kenako analivala nalonso.

Mizere yonse inaloza kumwamba.

Lereko anauyamba ulendo wa kubwalo. Dzuwa linali litakwera. Mabulangete ankalemera. Thukuta linali kamukamu. Ankayenda ngati nkhosa yosameta ubweya.

Kubwalo kunali anthu ambiri. Amuna anavala zipewa zaudzu. Awiri ankakangana za nkhosa. Amayi anali pampando, akumvetsera.

Lereko analowa pakati.

"Ndakula!" anafuula.

Bwalo lonse linamutembenukira. Kenako anthu anaphulika ndi kuseka.

"Taonani mfumu yathu!" anatero a Mokhele. "Yakuladi! Koma yakula m'mbali! Ndipo bulangete langalo, ine ndimati waba ndani?"

Anthu anasekanso. Lereko sanaseke.

Amayi anakweza dzanja. Phokoso linatha.

"Lereko, wavaliranji atatu?"

"Kuti ndikule msanga."

"Ukuthamangira kuti?"

"Nditenge mpando. Inu mubwerere kunyumba." Misozi inatsika. "Ndakusowani, amayi."

Palibe anasekanso. A Mokhele anayang'ana pansi.

Mmodzi wa okangana aja anavula chipewa.

"Amayi, mlandu suwola," anatero. "Tibwera mawa."

Mnzake anagwedeza mutu. "Apa pokha ndagwirizana naye."

Amayi anatsika pampando. Anagwada pamaso pa Lereko. Anamuvula bulangete la bambo ake. Analipinda bwinobwino.

"Ili likudikira," anatero. "Silithawa."

Anamuvula lachiwiri. Anawaponyera a Mokhele. Kenako anamupukuta thukuta ndi misozi.

"Pepa, mwanangu. Ndinasunga mpando wako. Koma ndinaiwala kusunga iwe."

Lereko anawagwira m'khosi.

"Usakule msanga," ananong'ona amayi. "Ndikufuna ndizikunyamulabe."

"Nanga mawa mupitanso?"

"Ndipita. Koma tipita tonse. Uzikhala pambali panga pano. Mfumu imaphunzira pomvetsera."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Anthu anaimirira. "Pula!" anafuula. "Mvula igwe!"

Amayi anamukweza Lereko pahatchi. Nawonso anakwera kumbuyo kwake. Anatambasula bulangete lawo. Linawakwana onse awiri.

Lereko anatsamira pachifuwa pawo. Panali pofunda. Mtima wake unakhala pansi.

Hatchi inkaidziwa njira. Inkafuna kuthamanga. Amayi anakoka chingwe.

"Pang'onopang'ono, iwe," anaiuza. "Lero ndili ndi mwana wanga."