Kapulana ya Felicidade

Nkhungu inali isanachoke pa Tsangano pamene amayi a m'bairo, ndiye kuti m'dera lawolo, anayamba kusonkhana pakhomo pa mai Rosália. Linali tsiku la Seti de Abrili, pa 7 Epulo, tsiku la amayi a m'Mozambiki, ndipo monga mwa chaka chilichonse onse anavala kapulana yofanana, nsalu ija ena amati chitenje. Ya chaka chimenecho inali yobiriwira, ya maluwa achikasu. Felicidade, mwana wa mai Rosália, ankangodziyang'ana m'chiuno. Aka kanali koyamba kuti amudulire yakeyake.

"Nanga a pulofesola sanadzuke?" anafunsa mai ake akumanga duku. "Unawapatsa nsalu yawo?"

Felicidade anayang'ana pansi. A pulofesola Mercy ankaphunzitsa Chingelezi pasukulu pake ndipo ankachita lendi kanyumba ka kuseri kwawo. Anachokera ku Zomba, ku Malawi. Chipwitikizi chinkawavutabe, moti pamsika ogulitsa mbatatesi ankawaseka akamatchula manambala, iwonso n'kumaseka nawo. Madzulo ankakwera pachulu kufunafuna netiweki kuti alankhule ndi mwana wawo amene anamusiya kwa agogo ake.

"Sindinawauze," anatero Felicidade motsitsa mawu. "Mutandituma kuti ndikafunse amene akufuna nsalu, ndinawadumpha. Ndinati poti si a m'Mozambiki, tsikuli si lawo."

"Iwe mwana!" Mai Rosália anasiya duku lili lendelende. "Munthu timatunga naye madzi pamjigo umodzi, lero akhale mlendo?"

"Komatu dzina lake la tsikuli likunena..."

"Usandiphunzitse dzina, sindine mwana wa mu turuma mwanu kusukuluko." Kenako mawu awo anafewa. "Titathawa nkhondo, ine ndinafika ku Ntcheu ndili kamtsikana, diresi litang'ambika msana wonse. Mayi wina pachigayo anamasula chitenje chake n'kundifunditsa. Sanandifunse dziko. Ngakhale dzina lake sindinalidziwe."

Nsalu inali itatha, ndipo amayi ena anali atayamba kale ulendo wa kubwalo, akuimba. Mai Rosália anapukusa mutu n'kuwatsatira.

Felicidade anazungulira kuseri. Anapeza a pulofesola atakhala pakhonde, atavala juzi, akusankha nyemba m'lichero. Nyimbo zinkamveka bwinobwino kuchokera kumsewu, ndipo phazi lawo limodzi linkagunda pansi pang'onopang'ono. Atamuona, analiimitsa.

"Ee, koma watchena!" anatero akumwetulira. "Tatembenuka ndikuone. Lero sindikufunsa Chingelezi, usaope."

"Inu simukupita, a pulofesola?"

"Ayi, mwanawe. Dzulo ndinaona amayi onse akuyanika nsalu zofanana, ndiye ndinazindikira kuti pali za eni ake. Mlendo sathamangira gule asanamuitane." Anatola kamwala m'nyembamo n'kukataya kutali. "Ndimvera pompano. Ng'oma ilibe malire."

Felicidade anakumbukira tsiku limene anadwala malungo, a pulofesola atabwera ndi mandimu n'kukhala naye mpaka mai ake atabwerako kumunda. Anathamangira m'nyumba, navala siketi yake ya kusukulu, natuluka atapinda kapulana ija bwinobwino. Anagwada n'kuipereka ndi manja awiri.

"Munayenera kuitanidwa. Amayi anandituma, ine ndi amene sindinafike. Pepani."

A pulofesola anasisita maluwa achikasu aja ndi chala.

"Nanga iwe uvala chiyani?"

"Ine ndikadali ndi zaka zambiri zodzavala. Fulumirani, atisiya."

Atafika kubwalo, mai Francisca, wogulitsa mandasi wodziwika ndi pakamwa, anali woyamba kuwaona. Analuluta mpaka anthu kutembenuka.

"Onani a Ingelezi athu! Bwerani pakati, mana, m'bale wathu, tione ngati ku Zomba kuli chiuno!"

Amayi anawakokera m'bwalo akuseka. Mai Rosália anayang'ana nsaluyo, nayang'ana siketi ya mwana wawo. Anangomukonzera kolala ya bulauzi n'kubwerera mumzere.

Felicidade anaima m'mbali pamodzi ndi ana aang'ono, akuomba m'manja. Mnzake Cláudia anamugunda ndi chigongono.

"Iwe, sabata yonse watisowetsa mtendere ndi kapulana yako. Ili kuti?"

Felicidade analoza pakati pa fumbi.

"Si iyo? Ikuvina."