Dzenje Limene Linameza Atate a Jessy

Jessy ankagulitsa nthochi pa siteji ya ku Chinyunyu, chilimwe cha 1994, pamene Gershom anatsika basi ya ku Lusaka, nsapato zili phuliphuli. Anagula nthochi ziwiri zokha, koma macheza mpaka dzuwa kupendeka.

"Maso akowa andisiyitsa basi, Jessy. Ndikagona kuti ine?"

Pakamwa pa mnyamata uja, abale, panali uchi! Makalata anayamba kubwera ndi kondakitala. "Duwa langa, ndikapanda kukukwatira chaka chino, dzina langa upatse galu."

Tsiku lina Gershom anapempha kuti akaonekere kwa atate a Jessy. Jessy anagwetsa misozi. Atate ake anali paphiri, m'dzenje la mgodi wakale wa golide, umene unawagumukira iye ali mwana. Mtembo sunatuluke. Njira ankaidziwa iye ndi amake basi, ndipo analumbira kuti sadzaionetsa munthu.

Koma kodi mkamwini ndi munthu wamba?

Anakwera awiriwo m'mawa. Phirilo si lalitali, koma masuku ndi minga zinatseka njira. Gershom ankamugwira dzanja pamiyala poterera, akufunsa za mtengo uliwonse wokhotera. Pa dzenje paja Gershom anagwada, naomba m'manja.

"Atate, mwana wanuyu ndidzamusunga ngati dzira."

Jessy analira ndi chimwemwe. Kalanga mwana wa eni ake!

Makalata anaduka. Patatha milungu itatu Jessy anaona utsi paphiri. Anakwera yekha, akuthamanga, minga zikumung'amba chitenje. Anapeza mitengo yagwetsedwa, amuna asanu ali ndi mapiki ndi zingwe, wina akutsika kale m'dzenje. Pafupi ndi tenti mayi wapakati ankachapa malaya amene Jessy ankawadziwa bwino.

"Ba Gershom!" anaitana mayiyo. "Bwerani, kuli mlendo. Mukufuna amuna anga, asisi?"

Gershom anatulukira, dothi mpaka m'tsitsi. Maso anathawira pansi.

"Marjory," anatero kwa mayi uja, "uyu ndiye anationetsa njira. Palibe china."

Palibe china! Mtima wa Jessy unasweka pomwepo. Anafuna kukuwa, kutukwana, kumuponya mwala, koma anangotembenuka. Anayang'ana ndowa yodzaza dothi ikukwezedwa ndi chingwe, nayandikira wachikulire amene ankaikoka.

"Bambo, ndapota nanu," anatero. "Mukapeza mafupa, musawataye pamodzi ndi dothi. Ndi atate anga."