Mlendo Wokana Kusamba M'manja

Ndagi yanu nayi, inu ophunzira: nkhalamba yanga ilibe pakamwa, koma ukaigwira osasamba m'manja imakunenera kupolisi. Mwalephera? Khalani pansi.

Lachiwiri, 2 koloko masana, Lufina anatsegula kope lakale. Masamba asanu panalibe. Wina anali atawadula ndi lezala, mowongoka ngati telala.

Lufina ndiye ankasunga kiyi wa chipinda cha zinthu zakale mu laibulale ya yunivesite ya Mpandadzuwa, ku Biriwiri. Kopelo linali la nyimbo za ingoma, zolembedwa pamanja agogo anu asanamere mano. Linzake kulibe. Masambawo akapanda kupezeka, ntchito ya Lufina yathera pomwepo.

Malamulo a m'chipindamo ngakhale mbuzi ingawaloweze. Chikwama chitsale pakhomo. Bolopeni ayi, pensulo yokha. Osanyambita chala potsegula tsamba. Ndipo uyambe wasamba m'manja.

Mlendo wa tsikulo anali mmodzi, bambo wa suti ndi chipewa chachikulu, wodzitcha Dokotala Cedric wochokera ku Ulaya. Atamulozera beseni anaseka, nati manja ake agwirapo mabuku a mafumu a azungu, sangasambitsidwe ngati mwana wa kusukulu ya mkaka. Lufina anaopa suti, anamulola. Kenako anatuluka mphindi zisanu zokha kukayankha foni ya abwana.

Sajeni Atikonda anafika 3 koloko. Adiresi ndi nambala ya foni m'buku la alendo zinali zabodza. Koma pa tsamba lotsala panali chidindo cha chala cha mafuta, ndi kadontho kofiira pambali. Lufina ananunkhiza. Tsabola. Nkhalamba ija inali itayamba kuulula. Apo m'pamene Lufina anakumbukira mlendoyo akudzitama kuti chipisi amadya cha Yoramu yekha, ku Lizulu.

"Akangooloka msewu ali ku Mozambiki," anatero Sajeni. "Kwerani, mayi."

4 koloko anamupeza pachiwaya cha Yoramu, akuuza anthu za ndege, maso ali tsidya la msewu kumene galimoto yoyera inkamudikira. Apolisi anamusecha chikwama, matumba, mpaka masokosi. Ng'oo, masamba aja osapezeka. Cedric anakweza mawu, nati mawa lomwe mtsikana ameneyu akhala akugulitsa tomato. Sajeni anam'bwezera chikwama, ndipo iye anaponda phazi limodzi patala.

Pomwepo lole ya maliro inatulukira, amayi akuyimba pamwamba. Msika wonse unati zii. Ogulitsa mbatata anaimirira, amuna anavula zipewa, Sajeni nayenso anavula. Chipewa chimodzi chokha chinatsala pamutu, mwini wake atachikanikiza ndi dzanja.

Lufina anadikira loleyo idutse.

"Adokotala," anatero motsitsa mawu, "ku Ulaya maliro sawavulira chipewa?"

Cedric anati adumphe, koma Sajeni anam'gwira lamba. Lufina anachotsa chipewa chija ndi manja awiri, pang'onopang'ono, ngati akutola dzira. Masamba onse asanu anali m'menemo, atanyowa m'mphepete ndi thukuta, koma nyimbo zili zonse.

Mayi wina wa kabichi anasuzumira nkhope yopanda chipewayo.

"Si Cedric wa mankhwala a makoswe wa ku Kandeu uyu? Udokotala wake ndi umenewo?"

Sajeni anatulutsa unyolo, koma anayamba wapempha beseni kwa Yoramu.

"Sambani kaye, adokotala. Katundu wa boma uyu."

Anasamba, msika wonse ukuseka mpaka tsidya la Mozambiki.