Nzelu za Bamalume Dyton

Kwe, kwe, kwe. Kenako chete. Kenako kwe, kwe, monga khoswe akukukuta thabwa, koma khoswe sapumila pakati ngati munthu amene akuganiza. Ninatsegula maso mu mdima. Malaiti anali atapita kuyambila madzulo, ndiye komboni yathu yonse ya Kalingalinga inali zii. Phokoso linali kuchokela kuseli kwa chipupa, mu chipinda cha bamalume. Inali choko pa bolodi. Ninaidziwa chifukwa masana onse ninali kuimva. Koma bamalume anali kuliza mkonono, nawonso ninali kuwamva bwinobwino, ndipo munthu sangalize mkonono uku akulemba.

Panali na fungo la tsitsi lopselela. Ninafuna kudzifunda kumutu, koma dzanja langa lamanja linali litachita dzanzi, lozizila monga lagona m'madzi. Ninakhala choncho mpaka atambala.

Bamalume Dyton ni mlongo wawo wa amai, wamng'ono. Anachoka nikali kukwawa, kukaphunzila ku Kepitauni, n'kubwela nili na zaka khumi na zinayi. Anabwela ali dokotala. Sabata yoyamba azimai a mu layini mwathu anali kubwela na miyendo yotupa na ana a chifuwa, mpaka anamvetsa kuti udokotala wake ni wa masamu, osati wa jekeseni. Kuchoka apo anangowatcha Dokotala wa Choko. Ambuye, amene anabeleka amai na bamalume, anamwalila iwo ali komweko. Malilo anaonela pa foni, amai atainyamula m'mwamba pamanda. Nkhani imeneyo pa nyumba pathu siikambidwa.

Chimene anali kufuna amachitcha posidoko. Ananifotokozela tsiku lina nikutsuka mbale, chifukwa panalibe wina wowamvela. Akuti ukatsiliza udokotala sunafike. Ufunika kukagwila ntchito yofufuza pansi pa pulofesa wina zaka ziwili, mwina kwinanso zaka ziwili, ndiye mwina akupatse malo akoako pa yunivesite. Vofufuza vawo vinali va momwe kuwala kumapindikila pafupi na nyenyezi yakufa. Anatumiza makalata oposa makumi atatu. Ambili sanayankhe n'komwe. Ndipo malo amene anali kuwafuna kwambili satenga munthu amene wakhala zaka zoposa zitatu chitsilizileni, ndiye ichi chinali chaka chawo chomaliza.

Mu Juni yunivesite ina ya ku Jelemani inayankha. Akuti adzakamba nawo pa laputopu pakapita masabata atatu. Bamalume anavina pakhonde, munthu wamkulu. Amai anayamika Mulungu osaleka kusenda mbatata. Pa Chiwelu amai anauza bamalume kuti sangaonekele kwa azungu na mutu ngati thengo, n'kuwameta okha, tsitsi n'kusesa okha. Pa Sondo analuka ine. Anakoka kwambili, n'kunipaka mafuta akuda pankhongo amene anali kuwawa ngati tsabola. Phokoso la choko linayamba usiku womwewo.

M'mawa mwake ninapeza bamalume ataimilila kutsogolo kwa bolodi, tiyi itazizila m'manja. Bolodi inali yodzaza, kalembedwe kali kawo komwe.

"Tiwo, unaniona nikulemba?"

"Ayi, bamalume."

"Ivi ni vanga. Ninavipeza ndine. Koma sinidziwa kuti apa pafika bwanji apa."

Anaseka, akuti ni kutopa. Anafufuta, n'kuyamba kuwelenga pepala lawo lomwe analemba okha, chala chili pa mzele ngati mwana wa giledi 2.

Usiku uliwonse vinali chimodzimodzi. Choko, fungo, dzanja langa lozizila. Ndipo chilichonse chimene chapezeka pa bolodi m'mawa, m'mutu mwawo chinali chitachoka. Vinayamba na va nyenyezi. Sabata yachiwili pa bolodi panali masamu amene ninawaonapo m'mabuku a giledi 12. Anabisa choko pansi pa pilo. Anatembenuza bolodi kuyang'ana kuchipupa. M'mawa inali yotembenuka, yodzaza.

Galu wa ba Obed, kalipentala amene anakhoma bolodiyo, anali kukonda kugona pakhomo pa bamalume. Tsiku lina galuyo anapezeka atafa, atauma, kukamwa kuli mbuu ngati wadya ufa. Nkhunda za pa nyumba yachitatu zinagwa zonse tsiku limodzi. Ku pompi anthu anayamba kukamba. Ba Virginia a mu layini mwathu akuti maphunzilo otelo sabwela ulele, pali chimene anapeleka ku Kepitauni, manje eni ake abwela kudzatenga. Wina akuti vilembo vija si masamu, ni maina a anthu. Nikafika na chigubu anali kunisiyila malo ambili, oposa amene nifunika.

Ba Obed anabwela pa geti na palafini, kuti bolodi iwotchedwe. Amai ndiwo anatuluka. Anakamba mokweza mpaka layini yonse inamva, kuti Dyton ni mwana wa amai wawo, anamubeleka kumsana ndiwo, ndipo wofuna kumukhudza ayambe iwo. Ba Obed anabwelela. Ine ninanyadila amai tsiku limenelo.

Manje nikambe vanga, ngakhale nichita manyazi. Ine masamu sininawadziwepo. Giledi 9 ninapasa mwa chisomo chabe. Koma sabata imeneyo ba Mwape, aphunzitsi athu, analemba funso pa bolodi, ndipo asanatsilize yankho inali kale pakamwa panga. Sininaiganize. Inangokhalapo, ngati dzina langa. Mayeso a pa Chisanu ninakhoza vonse. Ba Mwape ananiitanila ku ofesi, n'kunipatsa pepala la giledi 12 kuti aone ngati ninabela. Ninalitsiliza iwo akali kufunafuna magalasi. Sananiyamikile. Ananiyang'ana nthawi yaitali, n'kunifunsa kumene nikhala. Kunda, mnzanga wa pa desiki kuyambila giledi 5, anasamukila kumbuyo osanipatsa chifukwa. Pa nthawi yopuma ninali kudya nekha kuseli kwa kalasi.

Sininauze munthu. Ninali kudziuza kuti mwina nayamba kukula chabe.

Tsiku la kukamba na azungu linali Chitatu, masana. Bamalume anavala jekete ya suti pamwamba pa kabudula, n'kuika laputopu pa kampando. Amai anapita kumsika. Ine ninakhala pansi kuseli kwa chitseko, chimene sichitsekeka bwino. Poyamba vinayenda. Anaseka nawo, anakamba va nyengo. Kenako mai wina wa mau ofatsa anafunsa chifukwa chake pa tsamba lachinayi la pepala lawo anataya kachigawo kena ka masamu, n'kukatcha kosafunika.

Ninamva mpando ukulila. Ninamva bamalume akumeza mate.

Ine ninali kudziwa. Ninali kuona tsamba lachinayi lonse m'mutu, pepala limene sininaligwilepo. Ninali kukumbukila ngakhale tsiku limene yankho inabwela, mu chipinda chozizila, mvula ikugwa pa windo, phili lalikulu lili kunja. Ine sininachokepo mu Lusaka. Pakamwa panga panatseguka pokha, ndipo ninanong'oneza yankho yonse mu Chizungu chimene sinikamba.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Bamalume ananiyang'ana pansi pamene ninali. Sanakalipe. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza malaya ake atavala wina pamalilo. Anabwelela, n'kuuza azungu kuti netiweki yavuta. Mai uja anati palibe kanthu, adzayesanso pa Chisanu, koma Chisanu ndiye tsiku lomaliza.

Atatseka laputopu anakhala pansi pafupi na ine, pa simenti.

"Unavitenga kuti?"

"Sinidziwa, bamalume."

"Niuze, seveni kuchulukitsa na eyiti."

Misozi inayamba kutsika.

"Sinikukuyesa, Tiwo. Nikufunsa."

Ninawauza. Anagwedeza mutu, n'kubweleza kawili pansipansi kuti asaiwale. Kenako anati akapita ku Jelemani anali kufuna kudzanitumizila mabuku. Madzulo sanadye.

Ninapita ku bafa na kagalasi ka amai, n'kumasula tsitsi la pankhongo. Sininathe kuona bwino, koma chala chinapeza. Timizele titatu tating'ono, totupa, tolunjika bwino. Mphini. Ninakumbukila amene ananiluka, koma mtima unakana. Ninaganiza ba Virginia, ninaganiza ba Obed, ninaganiza aliyense wa mu Kalingalinga.

Usiku wa Chinayi ninaganiza kuti sinigona. Mng'ono wanga Mwaiwathu, wa zaka zisanu, anali atagona kale kukhoma, chala chili m'kamwa. Ninatenga chitenge n'kumanga dzanja langa lamanja ku mwendo wa bedi, mfundo zitatu. Ninapemphela. Ninati Mulungu, vimene vili m'mutu mwanga si vanga, muvibweze mawa lisanafike, ine nibwelele ku masamu anga olephela, sinidandaula. Ninawelenga malata a padenga. Ninamva basi yomaliza ikupita ku msewu waukulu.

Sinidziwa nthawi imene vinachitika. Ninangoona kuti naimilila mu chipinda cha bamalume, mapazi ali pa simenti yozizila, choko ili m'dzanja, ndipo dzanja likuyenda lokha. Kwe, kwe, kwe. Chitseko cha chipinda chathu chinali chotsegula, ndipo pa bedi ninaona munthu atagona pafupi na Mwaiwathu, dzanja litamangidwa na chitenge. Sininayang'anenso kachiwili.

Pa bolodi panalibe va nyenyezi, panalibe va giledi 12. Dzanja langa linali kulemba 1, 2, 3, 4, mu kalembedwe ka bamalume.

Iwo anali gone chagada, jekete ya suti ikali pathupi, kukamwa kuli yasa. Pambali pawo panali mbaula yaing'ono, utsi wa tsitsi ukukwela. Amai anakhala pa mpando kumutu kwa bedi, atavala duku yawo ya ku tchalitchi. Dzanja limodzi linali pa mutu wometedwa wa bamalume, likusisita pang'onopang'ono, momwe amasisitila ife tikadwala malungo. Sanali kuoneka ngati mfiti za m'nkhani. Anali kuoneka otopa chabe.

Ninayesa kuimitsa dzanja. Linalemba 5.

"Amai," mau anatuluka ang'ono. "Amai, mawa ni Chisanu. Abwezeleni."

Sanadabwe kuti nikukamba. Anaika makala ena pa mbaula, n'kuuzila. Ananiuza mofatsa kuti nzelu izi ni za pa nyumba pano, zinakulila pa vitumbuwa va ambuye, ndipo zinapita kunja zaka khumi na zitatu n'kusiya nkhalamba ikufa ikuitana dzina la mwana wake. Akuti iwo sanataye kanthu, angosamutsa chabe, monga munthu asamutsila madzi mu chigubu china.

"Ine sinizifuna," ninatelo. "Nikapita kusukulu palibe amene akamba na ine. Nikauza bamalume. Kapena nizapita ndine, nizaphunzila mpaka nikafike kumene anali kufuna, muzaona."

Dzanja linalemba 6. Bamalume anabuula kutulo, ngati mwana. Amai anawasisita mpaka anakhala chete. Kenako anatembenuka, n'kuyang'ana kupyola ine, ku chitseko chotsegula, kumene ana awo awili anali gone.

"Tsiliza kulemba, mwanangu, vatsala ving'ono. Mawa malume ako adzauka wopepuka, adzadya, adzakhala na ife. Ndipo iwe va kuyenda usaviganize. Mwaiwathu naye tsitsi lake lakula, lafika poluka."